Pofiira pa Mzati

"Ababa, imani!" ndinakuwa, ndipo galimoto inaima matayala akutsogolo atanyowa kale. Khwawa lomwe tinadutsa m'mawa lili fumbi lokhalokha tsopano linkalindima ndi madzi amatope ochokera kumapiri. Pamene tinalipo ifeyo sipanagwe ngakhale dontho la mvula.

"Ukukuwa chiyani ngati wapondedwa ndi ngamila?" anatero bambo anga, dzanja lili pa giya. "Timadzi timeneti? Ndawolotsa malole pano iwe usanabadwe."

Kwathu ku Oman, pomwe msewu wadutsa m'khwawa pamakhala mizati, kunsi yoyera, kumtunda yofiira. Madzi akafika pofiira suwoloka, ngakhale ukuthamangira maliro. Lamuloli anandiphunzitsa ndi bambo omwewo. Tsiku limenelo poyera ponse panali patamira, koma iwo ankayang'ana kutsogolo ngati palibe kanthu.

Ulendowu anaukonza okha, ati ine ndi mayi tikaone linga lakale la ku Bahla ndi manda amiyala a ku Al Ayn. Ine ndinali nditayendetsa galimoto zaka zisanu ndi chimodzi ku Muscat, koma kwa munthu amene anakalambira m'lole, zam'tauni zinali masanje. Chiwongolero chawo sankagwiritsa munthu, ngakhale mchimwene wanga Hilal.

Ku Bahla bambo anaphonya sitepe, n'kuyamba kukalipira amisiri omwe anafa kalekale. Ndinaseka. Koma titafika ku Al Ayn kuseka kunandithera.

"Taona, Zuwaina, manda aja ndi awo," anatero monyadira. "Mwala pamwamba pa mwala, popanda dothi."

Ankaloza phiri lopanda kanthu. Manda anali kumanzere, atandanda pamtunda, oonekeratu. Mayi anawagwira chigongono ngati akuwasasa fumbi pamkanjo, n'kuwatembenuza pang'onopang'ono. Kenaka titakhala pamkeka, bambo anapendeketsa fulasiki ya khofi pambali pa kapu, mayi n'kusendeza kapuyo msangamsanga kuti khofi agweremo. Sanandiyang'ane n'komwe.

Apo m'pamene ndinamvetsa macheza a mayi am'galimoto, omwe anandibowa tsiku lonse. "Taonani lole yobiriwira ikubwerayo, bambo a Hilal, ngati yanu yakale ija." "Koma mbuzi za kuno n'zonenepa, onani ziwiri zili m'mphepetezo." Sanali macheza ayi. Bambo anali ndi ng'ala, ndipo mayi ndiwo anali maso awo, kaya kwa miyezi ingati. Ndinakwiya, komanso ndinachita mantha, koma ndinaopa kutsegula pakamwa.

Tsopano pakhwawa paja mayi anayesanso nzeru yawo ija.

"Koma mizati iyi aipenta bwino, bambo a Hilal. Kufiira kwake mpaka kukhudza madzi."

"Nanunso mwayamba? Akazi awiri m'galimoto, phokoso ngati msika wa mbuzi wa ku Nizwa."

Analowetsa giya. Galimoto inasuntha, ndipo ndinamva madzi akumenya kunsi kwake.

"Ababa, tandilozerani mzati."

"Wati chiyani?"

"Zuwaina, tseka pakamwa," anatero mayi.

"Ayi, amayi. Angondilozera mzati umodzi wokha, kenaka tiwoloke."

Bambo anaponda buleki. Khosi lawo linauma gwa. Sindinayambe ndawayankhapo chotero chibadwire. Anakweza chala, n'kuchiyendetsa uku ndi uku pagalasi, kenaka chinaima pamalo pomwe panali madzi okhaokha. Nthawi yomweyo thunthu la kanjedza linadutsa patsogolo pathu likugubuduzika, n'kumenya mzati wapakati, phokoso lake ngati mfuti.

"N'chiyani chimenecho?" anafunsa motsitsa mawu.

"Kanjedza wathunthu, Ababa. Ndi mizu yomwe."

Anabweza galimoto mpaka pouma, n'kuzimitsa injini. Anatuluka, nakakhala pamwala, atatifulatira. Mayi ankalira mwakachetechete.

"Wawavula bambo ako," anatero.

"Nanga mumafuna tikawavule kumanda?"

Ndinadzimvera chisoni nditangolankhula, koma mawu akatuluka sabwerera. Tinadikira maola atatu. Magalimoto ena anafika, anthu n'kupatsana moni ndi bambo, kufunsana za kumudzi ndi za mvula, iwo akuyankha bwinobwino ngati angokhala kuwothera mphepo. Dzuwa litapendeka, phokoso la madzi linachepa.

"Zuwaina," anandiitana, osatembenuka. "Poyera paoneka?"

"Paoneka, Ababa. Pafupifupi ponse."

Anadzuka, napapasa m'thumba la mkanjo, n'kutambasula dzanja. Makiyi anawalozetsa pambali pang'ono, pomwe ine panalibe. Ndinasuntha mwakachetechete kuti agwere m'manja mwanga.

"Giya yoyamba, osasintha pakati. Ukaima m'madzi, usadzanditchulenso bambo ako."

Ndinawoloka mano ali chilumire. Kutsidya msewu unawongoka, ndipo tinayenda mtunda wautali. Mayi, amene tsopano anali kumpando wakumbuyo, analibenso lole kapena mbuzi yoti anene.

"Mayi a Hilal," anatero bambo, "mwatani kodi? Lilime lathyoka? Tandiuzani zomwe zili panjapo."

Mayi anazengereza, kenaka anasendera pawindo.

"Phiri la Misht lili kumbali yanuyo," anatero. "Dzuwa lalimenya mbali imodzi, lafiira ngati mbaula. Kunsi kwake kuli minda ya kanjedza, yonyowa, yonyezimira."

Bambo anatembenukira kumeneko, akugwedeza mutu. Pansi, phazi lawo lamanja linkapondabe buleki pomwe panalibe buleki.