Mlonda wa Pachitsa

Nkhondo itatha tinabwerera ku Zóbuè kuchokera ku Malawi ndi mapoto, ana, ndi mitima yotopa. Ife odwala mtima tinkakumana Lachinayi lililonse pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chipatala. Namwino wathu, Dona Natércia, ankati mapilisi okha sakwanira, nkhawa nayo imafuna kuilavula. Ndiye tinkayamba ndi pemphero, kenako aliyense n'kunena chimene chikumudya.

Amene zinawathina ndi bambo Eusébio. Mkuluyu sankaona tulo, ndipo namwino anawauza mosapsatira kuti magazi akapitiriza kuthamanga chonchi, awatumiza kuchipatala chachikulu ku Tete. Iwo ankaopa Tete kuposa mfuti, chifukwa akazi awo anapita kumeneko osabwerako.

"Lero tiphunzira kupumitsa mtima," anatero Dona Natércia. "Gonani pamphasa, mutsinzine nonse, muzikoka mpweya pang'onopang'ono."

Tinagona. Ine ndinatsinzina diso limodzi, linalo n'kulisiya pantchito. Ndiye ndione chiyani? Bambo Baptista, mkulu wa mpingo wathunthu, akundisuzumira ndi diso lakumanzere. Mayi Catarina akusuzumira a Baptista. Koma bambo Eusébio sanavutike n'kunamizira komwe, maso anali tong'o kuyang'ana kumapiri.

"Anthu akuluakulu inu, kutsinzina kokha kukukanikani?" anakalipa namwino. Tim'khululukire, anakulira m'tauni ku Moatize.

"Dona," anayankha bambo Eusébio, "tikatsinzina tonse, ayang'ane njira ndani? Kuthengo kuja sitinkagona tonse. Amene anagona onse pamodzi, tinawakwirira ndife."

Mawuwo anandilasa, chifukwa zinali zoona.

Mayi Catarina, amene kulamula anabadwa nako, anadzuka, natola mpini wa khasu, n'kukakhala pachitsa.

"Mlonda ndine. Gonani achimwene. Pano sipadutsa ngakhale nkhuku."

Bambo Eusébio anayang'ana mpiniwo, nayang'ana mwini wake, kenako zikope zinagwa. Posakhalitsa kunamveka mkonono, ndipo pambuyo pake unabwera wina waukulu ngati lole yokwera chitunda itasenza malasha. Dona Natércia ananyang'ama, n'kuwayeza bambo Eusébio pamkono ali m'tulo. Ananong'ona kuti za ku Tete ziyambe zaima.

Bambo Eusébio anadzuka dzuwa litapendeka, nkhope itasalala.

"Alongo, sikunabwere munthu?"

"Palibe, achimwene. Ndinali maso gwa."

Tonse tinavomereza, ngakhale a Baptista, amene Lamulungu amatilalikira za bodza. Mpaka lero palibe amene anawauza bambo Eusébio kuti mkonono woyamba uja unachokera pachitsa, mlonda ali kukamwa yasa, mbuzi ikunyambita mpini.

Ine ndikudziwa chifukwa diso langa lija linali likadali pantchito.