Chilatini cha Tobias

Tobias anali atazungulira nyumba kachitatu, kalata ya ku seminale ili m'thumba, pamene bambo ake, a Jonasi, anamuitana kuti apite limodzi ku Songani kukazonda azakhali ake a Alesi, amene anali chigonere ndi malungo.

Kalatayo inkanena mosapita m'mbali kuti asabwererenso kusukulu. Chilatini chinali chitamukana kawiri. Chaka chonse ankaloweza aneni, laudo, laudas, laudat, ndimatamanda, umatamanda, amatamanda, koma mayeso akangofunsa za nthawi yakale kapena yam'tsogolo, mutu unkaima. Masiku anayi anali atatha akusowa poyambira kuwauza bambo ake, pakuti a Jonasi anali atamudzoza kale unsembe ndi pakamwa pawo. Ngakhale kuchigayo ankamutchula kuti bambo mfumu.

Anapeza amayi a m'limana la kutchalitchi atadzaza chipinda cha wodwalayo. A Alesi atamuona Tobias anadzutsa mutu n'kupempha kuti awapempherere m'Chilatini, monga ankachitira ansembe akale iwo ali mtsikana. Amayi onse anagwada. A Jonasi anavula chipewa, maso akuwala ndi kunyada.

Tobias analibe pemphero la Chilatini lathunthu ngakhale limodzi m'mutu. Anatseka maso n'kuyamba zomwe ankadziwa: laudo, laudas, laudat, laudamus. Atamaliza anatenga mneni wina, moneo, mones, monet, akukokera mawu ngati wa kwaya. Amayi aja anayankha ameni wamphamvu, ndipo a Alesi anamugwira dzanja, akulira, n'kunena kuti thupi lapepuka.

Manyazi anamugwira kuposa tsiku limene analandira kalata. Pobwerera ankangosiya bambo ake m'mbuyo, kenako n'kuima, kenako n'kuyambanso. Atafika pamlatho anatulutsa kalata ija, ndipo anaulula kuti zimene ananena kuchipinda zija si pemphero, ndi ndandanda wa aneni wa m'kalasi.

A Jonasi anawerenga mpaka pansi.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno," anatero. "Ine ndinanyadira wa pachala. Za seminale ndikawauza ndekha anthu Lamulungu. Koma mlongo wanga wanena ameni pa zinthu zopanda Mulungu."

"Ndikawauze?"

"Bwerera pompano. Ukagwade, ukawapempherere m'Chichewa."

Tobias anatembenuka n'kulowera ku Songani yekha.