Bala la M'mutu mwa a Luhanga

A Hezron Luhanga anali atagwira kale cholembera pamene mkazi wawo, Kezia, anatulukira pakhonde ndi thireyi ya tiyi. Patebulo panali pepala limene anabwera nalo a Manasseh Chavula, mwini lole ya fodya yomwe inawomba galimoto imene a Luhanga anakwera miyezi itatu m'mbuyomo. Pepalalo linkanena kuti a Luhanga achira, alandira chipepeso, ndipo nkhani yathera pomwepo.

Kezia anaika thireyi pamwamba penipeni pa pepalalo. Kenako anapempha mwaulemu kuti awapatse sabata ziwiri, poti nkhani yotere imafunika abale aimve. A Chavula anali mkulu wa mpingo mnzawo wa a Luhanga, munthu wosakonda mikangano. Anamwa tiyi, anathokoza nati yewo, n'kunyamuka.

"Mwandichititsa manyazi, NyaMsiska," anatero a Luhanga mlendo atangopita, pomutchula Kezia ndi dzina la kwawo. "Ndathyoka pati ine? Ngakhale chipsera ndilibe."

Chipsera analibedi. Ngoziyo inachitika pamphambano ina kufupi ndi Njakwa. Lole inatulukira mumsewu wafumbi osaima, n'kugunda chitseko cha mbali imene iwo anakhala. Mutu wawo unamenya chitsulo cha pazenera. Anakomoka kanthawi, magazi sanatuluke, ndipo atagona m'chipatala masiku awiri anatulutsidwa. Kutchalitchi anthu anayamika Mulungu kuti aphunzitsi apulumuka.

Zina zonse ankaziona ndi Kezia yekha. Munthu amene anaphunzitsa masamu kusekondale zaka makumi awiri tsopano ankafunsa funso limodzi katatu tiyi asanazizire. Wailesi ikakwera pang'ono ankagwira mutu. Tsiku lina anasiya njinga pamsika wa pa Boma n'kubwerera wapansi, atafika anakalipira mwana wawo Diana kuti waibwereketsa, chonsecho chikwatiranireni anali asanakwezepo mawu m'nyumba. Kezia ankalemba zonsezi ndi madeti ake kumapeto kwa kope lake la kumsonkhano wa amayi, osadziwa kuti akulemberanji.

Anali Mabel, namwino wa nyumba yoyandikana nayo, amene anamuuza kuti mutu ukagundidwa cham'mbali ubongo umagwedezeka m'chigaza, ndipo bala lake silionekera kunja. Anati apite ku Mzuzu akawaunike asanasaine chilichonse.

A Luhanga anakanitsitsa. Anati boma likamva kuti mutu wawo suli bwino liwalanda choko, ndipo sangalole kuti Rumphi yense azinong'ona kuti Luhanga wazungulira mutu. Kezia sanawatsutse. Anangobisa pepala la a Chavula m'sutikesi, pansi pa zitenje.

Lachinayi la sabata yachiwiri, cha m'ma teni m'mawa, Kezia anaona a Luhanga akulowa pageti akukankha njinga, manja ali mbuu ndi choko. Anakhala pansi pakhonde. Kenako anafotokoza kuti analemba samu pabolodi m'kalasi ya Fomu 3, samu imene aiphunzitsa chaka ndi chaka, koma atafika pakati njira inangowasowa. Anaima choncho, choko chili m'manja, mpaka belu linalira.

"Ana aja sanaseke, NyaMsiska," anatero. "Bola akanaseka."

Kezia anatenga beseni la madzi n'kuwasambitsa m'manja. Atatha anafunsa ngati auze Mabel kuti akonze za ulendo wa ku Mzuzu.

"Muuzeni."

Ku Mzuzu dokotala anawaunika m'mutu ndi makina, anawafunsa mafunso ambiri, ena ooneka achibwana, n'kulemba kalata yoti ubongo unavulala. Anati ambiri amapezako bwino pang'onopang'ono akamapuma mokwanira ndi kubwera kuchipatala pa masiku awo. A Luhanga anafunsa kawiri ngati kumeneko ndi kupenga. Kawiri konse dokotala anati ayi.

Atachoka kumeneko anakaonana ndi loya wina wachizimayi amene Mabel anawalozera. Loyayo anawerenga lipoti la apolisi ndi kalata ya dokotala, koma chimene anakhalitsa nacho ndi kope la Kezia. Analipereka kwa a Luhanga n'kufunsa ngati zolembedwamo zinali zoona. A Luhanga anali asanalionepo kopelo. Iwo anawerenga tsamba ndi tsamba, osafulumira.

"N'zoona zonse," anatero. "Koma za njingazi mayiwa akokomeza. Ndinaikumbukira ndekha m'mawa mwake."

Onse atatu anaseka. Loya anafotokoza kuti chipukuta misozi chimachokera kukampani ya inshuwalansi ya loleyo, ndipo chiyenera kuganizira za mankhwala, maulendo a kuchipatala ndi ntchito imene yasokonekera. Akanasaina pepala lija, njira imeneyo ikanatsekeka. Anawachenjezanso kuti nkhani zotere zimachedwa, mwina chaka, mwina kuposa.

A Chavula atamva za loya anakhala masabata awiri osawapatsa moni kutchalitchi. Sabata yachitatu anabwera okha kunyumba ndi mapepala a inshuwalansi m'envelopu. Anaulula kuti ankaopa kulandidwa lole, ndipo sankadziwa kuti mnzawo akuvutika chomwecho. Kezia anawayamika, nati yewo chomene, ngakhale mumtima kachinthu kanali kasanatheretu.

Teremu yatsopano itayamba, nkhani ya chipukuta misozi inali ikadali m'manja mwa loya. A Luhanga anapita okha kwa ahedi, anawaonetsa kalata ya dokotala, n'kupempha Fomu 1 yokha, m'mawa mokha. Tsiku loyamba Kezia anawaperekeza mpaka pasukulu, ati akupita kuchigayo, koma anaima pafupi ndi zenera la kalasi. Anawamva akuuza ana kuti anachita ngozi ndipo mutu wawo ukuchira pang'onopang'ono.

"Ndikaima pakati pa samu musachite mantha," anatero. "Wina angokweza dzanja andikumbutse pamene tinali. Tsegulani tsamba loyamba."