Nkhope ya a Mabry Pakhoma

Renetta Gaskins analowa mu ofesi Lolemba m'mawa akugogoda nsapato kuti sinowo, madzi oundana ogwa kumwamba m'nyengo yozizira, achoke, ndipo atadzutsa mutu anangoti kakasi. Pakhoma loyang'anizana ndi chitseko anali atapachikapo chinsalu chachikulu, kuchokera kudenga mpaka pansi. Pachinsalupo panali nkhope ya a Alton Mabry, akuseka mano onse pamtunda, mahedifoni ali kumutu. M'munsi mwake analembamo zilembo zikuluzikulu: KUNO NDIFE BANJA.

A Mabry anawachotsa ntchito kutatsala pang'ono Khirisimasi. Kwa zaka zambiri desiki yawo inali yogundizana ndi ya Renetta, onse akuyankha mafoni a anthu a mumzinda wa Dayton ndi matauni ozungulira, amene amalipira kampaniyi mwezi ndi mwezi kuti firiji ikafa, paipi ikaphulika kapena makina otenthetsa nyumba akazima, iwatumizire wokonza. Ndi a Mabry amene anaphunzitsa Renetta kuugwira mtima munthu akamamutukwana pafoni. Akazi awo atapezeka ndi khansa, iwo anayamba kufika mochedwa masiku a chipatala, ndipo kampani inkatenga kuchedwa kulikonse ngati mlandu. Tsiku lina masana mlonda anabwera ndi katoni, n'kuwaimirira pambali uku akulongedza kapu yawo ndi zithunzi za adzukulu. Anawaperekeza mpaka pagalimoto ngati wakuba.

"Mwadzuka bwanji, Mayi Gaskins! Mwaona kukongola kwake?"

Anali Kelsey Dunnigan, mtsikana wa ku ofesi yoona za antchito, atakolekera mulu wa malaya achikasu pamkono.

"Tengani anu. Lero kukubwera atolankhani a magazini ya mumzinda muno. Atisankha m'gulu la makampani omwe antchito ake ndi osangalala kwambiri."

"Anafunsa ndani zimenezo?"

Kelsey anaseka ngati wamva nthabwala.

"Nanga bambo ali pakhomawa munawapempha?" anafunsanso Renetta.

"Chithunzicho ndi cha kampani, mayi. Tinajambula chaka chatha. Chinangotuluka bwino kuposa zonse, basi."

Renetta analandira malayawo ndi zala ziwiri, n'kupita pamalo pake. Pa desiki yomwe inali ya a Mabry tsopano pankakhala Yesenia Corral, mayi wamfupi wosasowa chonena. Anali atavala kale malaya achikasuwo pamwamba pa juzi.

"Mwawaona, achemwali?" ananong'ona Yesenia. "Madonati ali uko, aulere. Kadyeni musangalale, ndi lamulo."

"Usandipute, Yesenia. Ndadzuka bwinobwino ine."

"Ine mpando uwu wandithyola msana. Ndapempha wina mpaka lilime lauma, akuti dikira. Koma chinsalu chokha sichinadikire."

Mafoni anayamba kulira. Kunja kunkazizira zoti ngakhale galu sangatuluke, ndipo aliyense woimba anali ndi vuto limodzi: m'nyumba mwazima. Bambo wina wachikulire anauza Renetta kuti wagona atavala jekete masiku angapo, mkazi wake akutsokomola. Renetta anayang'ana pakompyuta. Wokonza anali atalemba kuti makina otenthetsa nyumba a bamboyo anachita dzimbiri, ndipo dzimbiri kampani sikonza. Anamuwerengera mawu omwe kampani inawaphunzitsa kuwerenga. Bamboyo sanatukwane. Anangoti, "Mwana wanga, iweyo ukugona pofunda?" n'kudula foni.

Renetta anafuna kupita kuchimbudzi kuti akasambe kumaso, koma anakumbukira kuti ukangodzuka pampando kompyuta imayamba kukuwerengera nthawi. Anakhala pomwepo, nsagwada zili gwa.

Chakumasana anawauza kuti asiye mafoni, onse akaime pansi pa chinsalu chija. Atolankhani anabwera awiri, mayi wofunsa mafunso ndi bambo wa kamera. Bwana wamkulu, a Grant Ostrander, anatsika kuchokera ku ofesi yawo ya m'mwamba atavala malaya achikasu pamwamba pa tayi. Anapereka moni wa m'manja kwa anthu omwe sankawadziwa ndi mayina omwe.

"Aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo!" ankakuwa Kelsey. "Mayi Gaskins, malaya aja ali kuti?"

"Sakundikwana."

"Chabwino, imani kumbuyo kwenikweni."

Mtolankhani uja anayang'ana m'mwamba n'kuloza. "Nkhope yabwino bwanji! Ndi ndani bamboyu? Tingacheze naye?"

"Ameneyo ndi Alton wathu," anayankha a Ostrander, dzanja lili pachifuwa. "Mzati wa kampani ino. Mwatsoka lero sali pantchito."

"Bodza!"

Mawuwo anatuluka okha. Anthu onse anatembenuka. Renetta anamva thupi lonse likutentha, koma anakankha anzake n'kufika kutsogolo.

"Lero sali pantchito? Nanga dzulo analipo? Nanga mawa abwera? Bwana, auzeni alendowa zoona. Munawathamangitsa a Mabry ngati galu wakuba nyama, chifukwa chopita ndi akazi awo kuchipatala!"

"Mayi Gaskins, nkhani imeneyi si ya pano," anatero Kelsey.

"Ya pati? Pamene mlonda ankawatulutsa ndi katoni, inali ya pano. Tonse tinaona, tonse tinaweramitsa mitu ngati nkhosa, ine ndemwe. Lero mwawapachika pakhoma kuti azikusekererani? Banja! Kwanu wachibale akamadwazika matenda mumamutaya kunja kukuzizira? Munthu munamulavula, koma mano ake okha mwasunga!"

 Wina kumbuyo anatsokomola. Bambo wa kamera anatsitsa kamera yake n'kumayang'ana nsapato. A Ostrander anamwetulirabe, koma khosi lawo linali litafiira.

"Mnzathuyu watopa," anauza atolankhani. "Nyengo ino ntchito imachuluka. Kelsey, mupite naye akapume."

"Sindinatope! Ndakwiya! Muzisiyanitsa."

Renetta anayang'ana anzake kuti mwina wina atsegula pakamwa. Palibe. Ena ankayang'ana kudenga, ena pansi. Yesenia yekha anavula malaya achikasu aja pang'onopang'ono, n'kuwapinda, n'kuwaika pansi patsogolo pa bwana. 

Ku ofesi ya m'mwamba nkhani sinatalike. Anamuuza kuti wachititsa manyazi kampani pamaso pa alendo, apite kunyumba mpaka sabata yamawa, ndipo akakhale akuganizira ngati akufunabe kukhala m'banjali.

Sanapite kunyumba. Anayendetsa galimoto molunjika kwa a Mabry. Anawapeza panja akuchotsa sinowo pakhonde ndi fosholo. Anali ataonda, jekete ikuoneka ngati yobwereka.

"Renetta! Masana ano? Akuthamangitsa nawenso?"

"Atsala pang'ono. Mayi ali bwanji?"

"Agona. Mankhwala a dzulo awafooketsa. Tiye tiime pompano, tisawadzutse."

Anawaonetsa chinsalu chija pafoni yake. A Mabry anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka kaphwete.

"Ndiye kuti nkhope yanga ailembanso ntchito, mwini wake ayi? Uifunse ngati ikulandira bwino."

"Musaseke, bambo. Ine ndawalalatira onse, pamaso pa atolankhani."

Kuseka kuja kunatha. Anazika fosholo mu sinowo mwamphamvu.

"Wachita chiyani? Iwe, matenda ako a shuga aja mankhwala ake uzigula ndi chiyani akakuchotsa? Inshulansi ya chipatala ya kampani imathera pachitseko paja, ndifunse ine. Ukuganiza kuti ndikufuna munthu wina avutike chifukwa cha ine?"

"Ndiye ndikanangokhala chete?"

A Mabry anapuma mozama. Anayang'ananso pafoni paja.

"Tsiku limene ankajambula chimenechi anandiuza kuti ndiseke kwambiri. Ndinaseka. Tinali tisanadziwe za matendawa." Anabweza foniyo. "Anthu opanda manyazi. Ndinawapempha kuti andisinthire nthawi yolowera, ndizitsala madzulo. Anandiyankha kuti akandichitira ine, aliyense afuna. Chabwino, wachita bwino kuwauza. Koma usabwerezenso wekha, wamva? Munthu mmodzi amangomuthyola ngati kamtengo."

Magazini ija inatuluka kumapeto kwa mwezi. Kampani inali momwemo, pa tsamba lonse, anthu achikasu akuseka. Za a Mabry sanalembemo ngakhale liwu limodzi. Chinsalu anachitsitsa mwakachetechete, n'kupachikapo china cha kanyumba ndi dzuwa.

Renetta atabwerera anapeza desiki yake aisunthira pafupi ndi chitseko, pamene mphepo imalowera. Kelsey anabwera kudzamuuza kuti zingakhale bwino atapepesa pamsonkhano wa gulu lonse.

"Ndipepese kwa ndani?" anafunsa Renetta, akuvala mahedifoni. "Amene ananama ndi ine?"

Sanapepese, ndipo sanamuchotse, mwina poopa kuti atolankhani aja angakumbukire. Koma anzake ambiri anayamba kumuzemba. Akalowa m'chipinda chodyera, nkhani zinkatha. Zimenezi zinamuwawa kuposa za bwana.

Lachisanu lina poweruka, Yesenia anamukoka dzanja pamalo oimika magalimoto.

"Achemwali, lowani m'galimoto mwanga muno, kunja kukuzizira."

Kumpando wakumbuyo kunali anthu ena awiri a m'gulu lawo, makolala atakweza mpaka m'makutu. Mmodzi anali ndi mlamu wake wodziwa za mabungwe a antchito, ndipo ankafuna kudziwa ngati Renetta angabwere kudzamva zomwe mlamuyo anganene Lamlungu akaweruka kutchalitchi.

"Tsiku lija munali kuti?" anawafunsa Renetta. "Pakamwa panali madonati?"

"Tinachita mantha, mayi," anayankha mmodzi. "Mpaka pano tikuchitabe."

Renetta anawayang'ana onse awiri. Kenako analowa m'galimoto, n'kukoka chitseko kuchitseka.

"Yatsa injini, Yesenia, tingaume muno. Iwe uli kumbuyowe, mlamu wakoyo amakhala kuti?"