Ya Loweruka Ikukwanira

Telala wa pakona anali Mkatolika wodziwa malamulo, makamaka aja omukomera. Limene ankalikonda koposa linali lakuti Misa ya Loweruka madzulo ndi ya Lamulungu kale: wapitako, wakwanitsa. Analitola pakamwa pa bambo mfumu, ndipo chilitolereni sanalisiyenso pansi.

Chifukwa chake anali mkazi wake. Anzake a kwaya ankamutchula kuti a Belu, poti akayamba kuimba mawu ake ankafika mpaka kumsewu. Koma atadwala sitiroko, mbali yakumanja inafa, pakamwa panapotoka, ndipo malovu ankangotsikira pachibwano. Telalayo tisamunamizire, ankamusamala. Kumusambitsa, kumudyetsa ndi supuni, kumunyamula kumuika panjinga ya olumala, zonsezi ankachita osanyinyirika. Chimene chinkamulemera anali maso a anthu. Lamulungu tchalitchi chimadzaza, anthu atatchena, ambiri ndi zovala zosoka iye yemwe. Akaganiza zodutsa pakati pawo akukankha njinga, kansalu kopukutira malovu kali paphewa, mtima unkamuthawa.

Ya Loweruka inalibe mavuto amenewo. Kunkabwera alonda, anamwino ndi ena ogwira ntchito Lamulungu, aliyense ali ndi kutopa kwake, opanda nthawi yocheukira mnzake. Kwaya kunalibe. Katekisiti ankayambitsa nyimbo m'mwamba kwambiri, anthu n'kumusiya yekha panjira. Awiriwa ankakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, pamene amatsamiritsa matsache.

Lamulungu lililonse belu la tchalitchi likalira, mayiyo ankatembenuzira mutu kuwindo.

"Abambo... Misa," ankatero, mawu akutuluka mokoka.

"Tapita kale dzulo, amayi. Ya Loweruka ikukwanira. Simunawamve bambo mfumu?"

"Ndikufuna... kwaya."

Sankapempha china. Ankangofuna kukhalako kamodzi pakati pa anzake, amve nyimbo zija zikuimbidwa ndi anthu odziwa kuimba.

"Tidzapita," telala ankayankha. "Ndikusokereni kaye diresi. Mukapite ndi zakuthazi, anthu aziti mkazi wa telala ameneyu?"

Nsalu anaguladi, yobiriwira ya timaluwa toyera. Anamuyeza mkazi wake ali chigonere, anadula, analumikiza thupi lake la diresilo, kenako analipachika pamsomali kuseri kwa makina. Aliyense amene anasokeretsapo amadziwa kuti mawa la telala silifika msanga. Kunabwera mayunifomu a ana a sukulu, kunabwera zovala za ukwati, kunabwera mathalauza ofupikitsa. Diresi lija linangokhala pamsomali lopanda manja, fumbi likulowa m'mapewa.

Loweruka lina akuchokera ku Misa, mawilo akugunda m'maenje a mumsewu, mayiyo anakweza dzanja lake lamoyo. Telala anaima, n'kuwerama kuti amve.

"Kwa Mulungu... ikukwanira. Ndinamva." Anapuma, n'kumeza movutikira. "Koma inu... mumachita nane manyazi."

Silinali funso. Telala anakonza bulangete la pamiyendo lomwe linali kale bwinobwino, n'kupitiriza kukankha. Zinamupweteka chifukwa zinali zoona, ndipo zinamupweteka kawiri pozindikira kuti mkazi wake anazidziwa kalekale, n'kumangomusungira.

Sabata imeneyo anabweza makasitomala. Anatsitsa diresi lija, analikung'untha fumbi, anaika manja, kolala ndi mabatani akutsogolo kuti lisavute povala. Pofika Loweruka kunangotsala kupinda m'munsi.

"Mawa tikupita ya m'mawa, ya kwaya," anamuuza.

Diso la mayiyo linawala. Koma dzuwa litapendeka, telala anatulutsabe njinga ija.

"Tipitenso lero, amayi. Kunjaku sikudziwika, mwina mawa kugwa mvula."

Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe. Ankangodzisiyira pothawira, ndipo onse awiri ankadziwa. Mayiyo sanatsutse. Anapita, anakhala pamatsache paja, analandira Ukaristia, n'kubwerera kunyumba.

M'mawa mwake telala anadzuka atatsimikiza mtima. Anapinda m'munsi muja ndi singano ya pamanja kuti makina asamudzutse wodwala. Anasita diresilo, analinyamula pamkono likadali lofunda, n'kulowa kuchipinda.

"Amayi, dzukani muone."

Mayiyo anali atayang'ana kuwindo, monga mwa masiku onse. Telala anamugwira patsaya, n'kupeza pozizira. Anakhala pamphepete pa bedi, diresi lili pamiyendo, mpaka belu linalira n'kusiya.

Misa itatha, amayi a kwaya atamva za malirowo anabwera onse, atatchena momwemo. Anadzaza pabalaza mpaka pakhonde, ndipo anaimba nyimbo zija zimene a Belu ankayambitsa. Palibe amene anayang'ana telala ndi diso limene iye ankaliopa. Wamkulu wa kwaya anangomugwira dzanja, misozi ili mbwembwembwe.

"Tinkangoti tiwaona Lamulungu, bambo. Malo awo pabenchi sitinapatse munthu."

Atapempha chowaveka malemuwo, telala anawapatsa diresi lija. Patapita kanthawi wamkulu wa kwaya uja anasuzumira pachitseko.

"Muli ndi mapini, bambo? Lawakulira."

Muyeso unali wakale, wa munthu amene anali asanathe thupi. Telala anatenga mapini patebulo la makina n'kupereka osakweza mutu.

Bambo mfumu anafika masana, n'kukhala naye pakhonde. Anali munthu wabwino, ndipo poona nkhope ya telalayo anafunafuna mawu oti amupepuze nawo.

"Musadziimbe mlandu kuti sanafike lero, bambo. Ndinawaona dzulo, ndipo ndinawapatsa ndekha Ukaristia. Apita alibe ngongole ndi Mulungu. Ya Loweruka ikukwanira."

Telala anagwedeza mutu. Mawuwo anali ake omwe, ndipo m'nyumba kwaya inali ikuimbabe.