Mboni Yotsalira ku Ventimiglia

Mwana wanga Nives atandiimbira foni kuti ndikakhale mboni ya ukwati wake, ndinakhala pansi m'khitchini n'kulira ngati chitsiru. Panali patatha zaka zisanu ndi chimodzi tisakulankhulana. Tsiku limene ankachoka kuno ku Savona, ku Italy, kutsatira bambo ake ku Marseille, dziko la Afalansa, ndinamuuza mawu amene mayi sayenera kuuza mwana, ndipo kuyambira pamenepo foni inangoti zii. Tsopano ndi uyu akuti Lachisanu, wani koloko masana, ku ofesi ya meya, ndikasaine m'kaundula pansi pa dzina lake. Anati kumeneko mayina a mboni amaperekedwa pasadakhale, ndipo tsiku lomwelo ndinamutumizira chithunzi cha chiphaso changa.

Lachiwiri la sabata ya ukwatiyo anaimbanso.

"Amayi, mubwere Lachinayi. Lachisanu a sitima kuno akunyanyala ntchito."

"Ndikagona kuti?"

"Kwa ababa. A Maryvonne akonza kale chipinda."

Maryvonne ndi mkazi amene anandilanda mwamuna. Ine Fiorenza kukagona m'nsalu zake, kumwa khofi wake wamadzimadziyo, n'kumati zikomo? Mtima unandiwira pompo.

"Mwana iwe, ine ndinabadwira m'sitiraka. Iweyo ndinakakubereka mabasi atanyanyala. Sitima za m'mawa zimayenda."

"Kuno si ku Italy, amayi. Chonde."

"Ndati ndifika."

Anangoti chabwino.

Musaganize kuti ndinkangolankhula zam'mutu. Kwathu kuno ngakhale mwana wa pulayimale amadziwa kuti sitiraka ikule bwanji, kuyambira sikisi koloko mpaka naini m'mawa sitima zimayenda kuti anthu akafike kuntchito. Ndinakafunsanso mlongo wanga Ermanno, amene wayendetsa sitima zaka makumi atatu ndipo ndi mkulu m'bungwe la ogwira ntchito. Ndinamupeza akutafuna buledi wa fokacha, mafuta ali pachibwano.

"Achemwali, mtima m'malo. Mukwere ya sikisi, eyiti koloko muli pamalire, mudumphire ya Afalansa naini isanakwane. Ikanyamuka yanyamuka basi. Lamulo ndi lamulo."

Lachisanu ndinavala diresi lobiriwira ndi nsapato zatsopano zimene zinayamba kundiluma ndisanafike n'komwe pasiteshoni. Sitima yathu inayenda bwinobwino, ndipo eyiti koloko ili pafupi ndinatsika pa Ventimiglia, pamene sitima zathu zimathera n'kuyambira za Afalansa. Ndinakweza maso pachikwangwani. Ya ku Nice, yalephereka. Ya ku Cannes, yalephereka. Mzere wonse wofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Ndinapita pawindo la matikiti, pamene panali bambo wina wadazi amene ankaoneka kuti watopa kale ndi tsikulo.

"Bambo, nthawi ndi eyiti koloko. Tili m'maola a lamulo. Sitima ili kuti?"

"Lamulo lake liti, mayi?"

"Musandiputse! Sikisi mpaka naini!"

Anaseka, ndithu anaseka pamaso panga.

"Limenelo ndi lathu, limathera pamalire apo. Afalansawo akanyanyala sayang'ana wotchi. Amalengeza dzulo lake madzulo sitima zimene ziyende. Simunaone? Pali imodzi ya teni koloko, ngati woyendetsa wake adzuke."

Anthu anzeru anali atathamangira kale ku mataxi ndi mabasi. Ine ayi. Ndinakaima pokwerera sitima, chikwama m'manja, n'kumadikira, chifukwa mumtima ndinkakhulupirirabe kuti dziko lililonse la anthu olongosoka lili ndi maola a lamulo. Naini inakwana. Teni inakwana. Patapita mphindi makumi awiri, mawu a mkazi anamveka pachimkuzamawu kupepesa m'zilankhulo zitatu kuti ya teni koloko ija nayonso yalephereka.

Nditatuluka panja, mzere wa mataxi unali utazungulira ngodya. Dalaivala wina anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Marseille? Lero? Mayi, msewu waukulu wadzaza thothotho. Maola anayi, mwina asanu. Ngakhale mundipatse nyumba yanu."

Lachisanu ndi tsiku la msika ku Ventimiglia, ndipo Afalansa amabwera ngati nyerere kudzagula zotchipa. Pamene ndinkatembenuka ndinaona mwamuna wina wavala jekete ya ogwira ntchito musitima za kwawoko, baji ya bungwe ili pachifuwa, akukweza tchizi ndi mabotolo a mafuta pakanjinga kake kamoto. Magazi anandikwera kumutu.

"Inu! Sitima mwaisiya kuti mudzagule tchizi?"

"Mayi, pepani, tinalengeza masabata awiri apitawo."

"Mwana wanga akukwatiwa wani koloko!"

"Ndiye bwanji simunapite dzulo?"

Ndinamutukwana. Ndinatukwana iye, bungwe lake, njinga yake ndi agogo ake amene anamuphunzitsa ulesi. Amayi ogulitsa masamba anasiya kuyeza n'kumaonerera. Iye anangokweza mapewa monga amachitira anthu a kwawoko, n'kuliza njinga ulendo.

Ndinaimbira Ermanno.

"Iwe, lamulo lako lija lili kuti? Ndili pamalire ngati katundu wotayika!"

"Aa! Kodi Afalansa alibe maola aja? Ine ndimayesa n'kulikonse."

"Zaka makumi atatu uli pa njanji, sunadziwe zimenezo? Tenga galimoto ubwere pompano!"

"Achemwali, ngakhale nditauluka sitingafike. Komanso ndili pamsonkhano wa bungwe, tikukonza sitiraka yathu ya sabata yamawa. Koma musawanyoze anzathuwo, nawonso akumenyera..."

Ndinadula asanamalize. Akanakhala pafupi ndikanamuphwanyira foniyo pamphuno.

Ndinabwerera m'siteshoni, n'kukhala pabenchi, n'kuvula nsapato. Tsopano ukali unasanduka mantha. Popanda mboni meya samangitsa ukwati, ndipo nthawi yanu ikadutsa amaitana ena. Ndinaona m'maganizo mwana wanga ataima pakhomo ndi maluwa, apongozi ake akunong'onezana, tsiku lonse litawonongeka chifukwa cha ine. Hafu pasiti thwelofu ndinalimba mtima n'kumuimbira.

"Nives, mwana wanga, si ine. Ndi agalu a sitimawa. Ndili pa Ventimiglia kuyambira eyiti koloko, ndayesa taxi, ndayesa..."

"Palibe kanthu, amayi."

"Uwapemphe a meya asinthe ola. Uwauze kuti mboni yatsekeredwa pamalire. Faifi koloko ndikhala nditafika, ngakhale wapansi."

"Ukwati uchitika wani koloko. A Maryvonne asaina."

"Sangasaine ameneyo! Unandiuza wekha kuti mayina amaperekedwa pasadakhale. Dzina lake palibe!"

"Lilipo, amayi. Ndinakalembetsa Lachiwiri, titangomaliza kulankhulana."

M'mawu ake munalibe ukali ngakhale pang'ono, ndipo zikanakhala bwino akanandilalatira. Kumbuyo kwake ndinamva anthu akuseka ndi mkazi wina akumuuza kuti aime bwino amukonze tsitsi.

"Akutiitana, amayi. Muyende bwino pobwerera."

Foni inaduka. Ndinakhala pomwepo, nsapato m'manja, ndikuwerengera masiku chobwerera m'mbuyo. Lachiwiri limenelo ine ndinali ndisanagule n'komwe tikiti.