Chimene Tinawabisira Atate

"Musadzawauze atate anu," anatero amayi ali gone kuchipatala, atatigwira manja ine ndi mng'ono wanga Yoweli. Dokotala anali atanena kuti mapapo a amayiwo anatha ndi utsi, chonsecho iwo fodya sanamulawepo. Wosuta m'nyumba mwathu anali mmodzi. Tinalonjeza, ndipo pamaliro tinati chinali chifuwa chachikulu.

Ndinabwerera kwathu ku Zemba kuchokera ku Mangalande imvi zili mbuu. Mango amene amayi anabzala ndinapeza atawotchera njerwa, ndipo atate, a Jorge, ankatsokomola chifuwa chomwe chija, akupichirabe chingambwe m'mapepala a makope akale.

Ndinali nditatolera mapaketi a ndudu akumeneko, okhala ndi zithunzi za makosi obooka ndi mapazi owola. Ndinawayala pamphasa. Atate anawayang'ana limodzilimodzi ngati akusankha mbewu.

"Mwanawe, ine ndinadumpha mitembo pothawa nkhondo ku Mozambiki. Undiopseza ndi pepala?"

Paketi ya phazi lowola anaitenga, ati ndi yabwino kusungiramo machesi.

Yoweli, amene anawasamala zaka zonse ine ndili kutali, anandiseka. Anamwino a ku chipatala cha Pembamoyo anamulangiza kuti nkhalamba saiopseza, amainyengerera. Choncho iye ankawauza zokoma zokhazokha: kuti akasiya, mpweya udzabwerera, adzapalasanso njinga, adzavina pa ukwati wa Tiyanjane, mwana wake. Atate ankamvetsera, n'kusiya tsiku limodzi, mawa lake n'kunena kuti ukwatiwo ungofulumira.

M'mawa wina tikuswa mtedza pakhonde, atate analavula magazi. Anawakwirira ndi phazi msangamsanga, n'kuyatsa ndudu ina. Tiyanjane, amene anali nawo pafupi akupeta, anapatutsa nkhope natsokomola. Ndinaona Yoweli atasiya mtedza, maso ali pa mwana wake.

Ndinayamba kulankhula za madokotala, koma atate anandidula.

"Mwanditopetsa nonse awiri. Wina zithunzi, wina ukwati. Fodya ndi wanga, mapapo ndi anga. Ndapha ndani ine?"

Ndinamugwira Yoweli pamkono, ndikufinya. Anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono.

"Amayi," Yoweli anawayankha atate.

Lichero la Tiyanjane linaima. Ndudu inapitiriza kunyeka pakati pa zala za atate, moto n'kufika pakhungu, iwo osaitaya.